Tsiku limene ndinapirikitsa anyani

Ndikukumbukira chaka chimene tinalima koyamba titabwerako ku Zambia. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, mtsikana wamakani, ndipo munda wathu unali patsinde pa phiri, kuseri kwa Malowera. Chimanga cha m'mundamo ndicho chinali chakudya chathu chonse, ndi mbewu yomwe. Chitayamba kukhwima, atate anandipatsa ntchito yolinda anyani Loweruka lililonse pamodzi ndi alongo anga awiri aang'ono.

Sabata ina apulofesolo athu akusukulu anatisimbira za kazembe wankhondo wakalekale amene anadutsa mapiri ozizira ndi njovu, n'kukakwapula adani ake kwawo komweko, kangapo konse. Nkhaniyo inandilowa m'magazi. Mathero ake sindinawamve, ndinali kalikiliki kujambula njovu m'kope.

Loweruka anyani atatulukira kumalire, ndinadzipatsa ukomandanti. Mlongo wanga wina ndinamubisa m'udzu ndi chitini, winayo kuseri kwa chulu ndi gulaye, ine pakati ndi chibonga. Tinawalola kuyandikira, kenaka tinabuka nawo. Ati kuthawa kwake! Tinawapirikitsa mpaka kumtsinje, tinakawavumbulutsanso pamiyala, tinawakweza phiri lonse tikuimba, minga ikutibaya osaimva n'komwe. Sindinakondwepo chomwecho chibadwire.

Titatsika dzuwa litapendeka, tinapeza mizere yakumunsi ili mapesi okhaokha, makoko ali mbwee. Gulu lina la anyani linali litazembera kumbuyo ife tili kuphiri.

Atate atafika anayendera munda wonse. Ndinawafotokozera nkhondo yonse ndikulira, ndi za njovu zomwe. Anayesa kulimbitsa nkhope koma zinakanika, anaseka mpaka kukhala pamzere.

"Nanga akomandanti, ndinakutumani kukalanda phiri? Phirilo tidya?"

Mwamwayi chimanga chambiri chinatsala. Tinatola mondokwa amene anyani anathyola n'kutaya osaluma, tinaotcha pomwepo, atate akunditchula komandanti mpaka kunyumba.

Lolemba ndinatsalira m'kalasi kufunsa apulofesolo kuti kazembe uja zinamuthera bwanji.

"Anagonja, mwanawe," anatero. "Adani atatopa ndi kumenyedwa analeka kukumana naye. Anangomusiya azizungulira m'dziko la eni zaka zambiri, asilikali akumuthera, thandizo la kwawo likubwera modontheza. Kenaka anawoloka nyanja kukaukira kwawo kwa iyeyo. Kazembeyo anabwerera mothamanga, n'kukagonjera pakhomo pake."

Ndinamumvera chisoni ngati mbale wanga.

Lero ndine mayi wa ana anayi ndipo makani sanandithere. Ndikamakangana ndi mwana wanga wamkulu ndimapambana nthawi zonse, pakamwa ndinapatsidwa. Koma ndinazindikira kuti munthu ukhoza kupambana paliponse n'kutaya chimene umamenyera. Tsono ndikaona wayamba kuyang'ana pansi, ndimalekera pomwepo, ngakhale mawu omaliza ali kale palilime. Amene ndinatumidwa kulinda ndi iyeyo.