Kope la Tendai

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinasanduka mfumu ya ana onse a pakomboni pathu, pa famu ina ya fodya kufupi ndi Karoi. Ufumuwo sindinaupeze ndi nzeru kapena ndi zibakera. Amayi ankachapa ndi kusita kunyumba kwa mwini famu, ndipo tsiku lina anabwera ndi katoni ya zinthu zimene ana a bwanayo anataya. Pansi pa nsapato zakutha panali buku lachingerezi lopanda chikuto, ndi kathumba ka madayisi achilendo, limodzi la mbali makumi awiri.

Tchuthi chonse chinathera kulimbana ndi bukulo ndisanamvetse kuti ndi la masewera. Munthu mmodzi amasimba nkhani, anzake aliyense amakhala munthu wa m'nkhanimo, wina msilikali, wina wamatsenga, wina mbala. Ukafuna kulumpha chidzenje kapena kubaya chinjoka, umaponya dayisi kuti uone ngati zatheka. Wosimbayo ndinali ine, poti Chingerezi ndinkachidziwa kuposa onse, komanso madayisi anali anga. Tikaweruka kusukulu tinkakhala kuseri kwa shedi yosankhiramo fodya, fungo lake likutiyetsemulitsa, ine buku lili pamwendo. Wina akatsutsa, ndinkangoloza tsamba n'kunena kuti buku latero. Nthawi zambiri buku silinatero ayi, koma akanandigwira ndani?

Lamulo limene ndinkalikonda kwambiri linali lakuti munthu wako akafa, watuluka. Ana aang'ono ankafa msanga, n'kumangokhala pambali kutola timiyala mpaka dzuwa kupendeka. Amene wandiyankha mwachipongwe kusukulu m'mawa ankakumana ndi chinjoka masana omwewo.

Mmodzi mwa amene ndinkawapha kawirikawiri anali Tendai, msuweni wanga, mwana wa amalume. Anali wamkulu kwa ine ndi chaka chimodzi, koma tinali kalasi imodzi chifukwa anabwereza. Ankachita chibwibwi, ndipo aphunzitsi anali atamukhazika kumbuyo n'kumuiwala. Akafa sankadandaula. Ankangokhala duu, kumvetsera mpaka nkhani itatha.

Kenako malungo anandigwetsa kwa milungu iwiri. Madayisi ndinagona nawo pansi pa pilo, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti anzanga akufa ndi chisoni kunjako. Tsiku limene ndinadzuka, miyendo ikadali lobodo, ndinalunjika kushedi kuja. Ndisanafike ndinamva phwete. Ndinapeza ana ochuluka kuposa amene ine ndinasonkhanitsapo, ngakhale atsikana akuluakulu amene ankati masewera anga ndi aana. Pakati pawo panali Tendai, atagwira kope la sukulu lakutha m'makona.

Madayisi sankawafuna. Anali ndi mbewu zisanu ndi imodzi za chimanga, iliyonse yodetsedwa mbali imodzi ndi khala. Ukaponya, umawerenga zakuda. Chinjoka changa chinali chitachoka, m'malo mwake munali ng'ona ya m'damu la pafamu, kapitawo wa mitu iwiri, ndi mudzi wonse wobisika pansi pa chulu. Wamatsenga akachita matsenga ankalipira ndi kanthu ka m'thupi mwake: ankataya mawu, kapena kuiwala dzina lake, ndipo anzake ankamuseka mpaka kugubuduka. Koma chimene chinandilasa chinali cha akufa. Munthu wako akafa sunkatuluka. Unkasanduka mzimu, n'kukhala kumbuyo kwa mnzako wamoyo, ndipo unkaloledwa kumunong'oneza katatu kumuchenjeza za m'tsogolo. Tiana tija ndinkatithamangitsa tinali pamenepo, pakamwa pa khutu la mnzake, nkhope zili ngwee. Chodabwitsa china, Tendai akamasimba chibwibwi chinkachepa.

"Zimenezi ndi zabodza," ndinatero. "M'buku mulibe."

Mtsikana wina dzina lake Chipo sananditembenukire n'komwe. "Buku lako limatipha, iwe. Kuno tikafa timasewerabe. Khala pansi kana uchida," anamaliza m'Chishona, kutanthauza kuti ngati ndikufuna.

Sindinakhale. Nsanje ndinali nditaimvapo kale pa nsapato za anzanga, koma iyi inali ina, inkandiwawa m'chifuwa ngati ndameza fupa. Loweruka lake m'mawa, Tendai atapita kumjigo, ndinalowa m'nyumba mwawo n'kutenga kope lija. Ndinakaliwerengera m'munda wa chimanga, n'cholinga chopeza zolakwika zoti ndimuseke nazo. Zolakwika zinalimo zambiri. Malembedwe anali okhotakhota, Chichewa ndi Chishona zitasakanizika m'chiganizo chimodzi. Koma lamulo lililonse linkagwirana ndi linzake, ndipo paliponse pamene ndinkaganiza kuti ndamugwira, tsamba lotsatira linali litatseka kale mpatawo. Ndinaliwerenga kawiri. Pomaliza kachiwiriko, ndinali nditadziwa chochita.

Amalume, amene tonse tinkawatchula kuti sekuru monga achitira anzathu Achishona, anali mkulu wa mpingo. Bambo awo anali munthu wa gule wamkulu, ndipo iwo anatuluka kumeneko atakula kale, mokangana ndi abale awo. Pakomboni pathu a mpingo ndi a kudambwe ankatunga pamjigo umodzi n'kukumbirana manda, koma mwana wa mkulu wa mpingo kupezeka ndi za mizimu inali nkhani yochotsetsa bambo wake paudindo. Ndinkazidziwa bwino zimenezi. Sindinganame kuti ndinali mwana wosazindikira.

Ndinawapeza pabalani, nyumba yaitali yowotchera fodya, akusonkheza moto m'ng'anjo, thukuta lili kamukamu.

"Sekuru, Tendai walemba buku loitanira mizimu. Akuphunzitsa ana kuti wakufa amabwerera kudzalankhula."

Ndinawatsegulira tsamba lenilenilo. Anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere, kenako anatuma munthu kukaitana mwana wawo. Ine ndinabisala kuseri kwa mulu wa nkhuni.

"Chii ichi, n'chiyani chimenechi?" amalume anamufunsa Tendai atafika. "Ndiwe walemba izi?"

Tendai ankafuna kunena kuti ndi masewera chabe. Ndinaona milomo yake ikulimbana nawo mawuwo. "Ndi ma... ndi ma..." Sanapitirire pamenepo. Amalume sanamumenye. Anatsegula chitseko cha ng'anjo n'kumupatsa kopelo kuti aponye yekha. Anaponya, n'kuimirira pomwepo kuyang'ana mpaka chitseko chitatsekedwa.

Lamulungu lake zinalengezedwa m'tchalitchi kuti masewera a kuseri kwa shedi atha. Amayi sanafune kusiyanitsa za Tendai ndi zanga. Buku langa anayatsira moto, madayisi anaponya m'chimbudzi. Ufumu ndinkaulimbirawo unathera pomwepo, ndipo anzanga anabwerera ku mpira wa mapepala. Tendai sindinamuonenso akulemba kanthu kupatula zimene aphunzitsi alemba pabolodi. Sukulu anailekeza atamaliza giredi seveni, ndipo lero amakumba miyala ya kuromu ku Mutorashanga.

Ine ndinakhala mphunzitsi. Lachisanu masana ndimasewera ndi ana anga a sukulu masewera omwewa, ndi mbewu za chimanga, ndi akufa onong'oneza. Anawo amati ndi malamulo a aphunzitsi, ndipo kwa nthawi yaitali sindinawauze zoona zake.

Chaka chatha tinakumana pamaliro a amalume. Titabwerako kumanda tinakhala awiri pamthunzi, ndipo ndinamuuza kuti amene anatenga kope lija ndinali ine.

"Ndinakuona, mwana wa tete," anatero, kunditchula monga Achishona atchulira mwana wa azakhali. "Miyendo yako inkaoneka kuseri kwa nkhuni."

Ndinayamba kupepesa, koma anandidula. Chibwibwi chake chikadalipo, choncho funsolo linatenga nthawi kutuluka.

"Unaliwerenga lonse?"

"Kawiri."

"Palibenso wina analiwerengapo. Mudhara, bambo anga aja, anangoona tsamba limodzi." Anafikisa manja ake ong'ambika ndi miyala. "Linali bwanji? Ine ndinaiwala zonse. Ndinkangoti mwina zinalidi zoipa."

Ndinamuuza kuti linali labwino kuposa buku la azungu lija, ndiponso kuposa chilichonse chimene ine ndinapekapo. Anaseka pang'ono ngati munthu amene akunamizidwa kuti asangalale, ndipo ndinaona kuti sanakhulupirire.

Kale ndinkadziuza kuti ndinadana ndi kope lija chifukwa linandilanda anzanga. Lero ndikudziwa kuti ndinadana nalo chifukwa pakomboni ponse ndine ndekha amene ndinali wokhoza kuona ubwino wake wonse. Aphunzitsi anali atamutaya, bambo wake anachita mantha, ana anzathu ankangosangalala. Mawu akuti "uli ndi nzeru" anali m'kamwa mwa munthu mmodzi yekha, ndipo munthuyo anasankha kupita kung'anjo. Ndinadzawanena patapita zaka khumi ndi zisanu, kwa bambo wa ana atatu amene analibenso nawo ntchito.