Uthenga umene a Mwandida anasunga

A Mwandida Chikaonda ndi mayi amene dzanja lawo limakwera lokha wansembe akangofunsa kuti ndani angathandize. Atha zaka khumi ndi zinayi ku Newcastle akusambitsa ndi kudyetsa nkhalamba za eni ake. Lamulungu amakhala pa benchi yachitatu, chitenje cha Amayi Achikatolika atachimanga pamwamba pa mathalauza awiri chifukwa cha chisanu. Mwana wawo mmodzi yekhayo anamusiya ku Dedza ali ndi zaka zisanu, wakulira pafoni. Mwina n'chifukwa chake parishi itafuna woperekeza ana asukulu ku Salford, kukaphikira anthu ogona m'misewu kwa sabata imodzi, iwo sanadikire kupemphedwa kawiri.

Malamulo anawapatsa mulu: kuwerenga mitu pokwera basi ndi potsika, osatsekera mwana m'chipinda muli awiri, mafoni onse a ana azikhala m'chikwama cha woperekeza mpaka ntchito itatha. Za maliro panalibe mzere ngakhale umodzi.

Mwa ana khumi ndi awiriwo Mmalawi anali mmodzi, Edwina, wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, wobadwira konko, wolongolola ngati wailesi. Chichewa amachimva koma amayankha m'Chingerezi. Lachitatu m'mawa, gulu lonse likusenda mbatatesi m'khitchini ya tchalitchi, foni ya a Mwandida inalira. Anali a Mapopa, bambo ake a Edwina.

"Achemwali, amake Edwina atisiya. Angogwa pochokera ku shifiti. Mwanayo musamuuze. Mubwere naye, adzamvere pakhomo."

Fiona, mzungu wotsogolera ulendowo, anati mtsikanayo ndi wamkulu, auzidwe pomwepo. A Mwandida anamuyang'ana ngati mwana amene akuseweretsa lumo. Kwathu uthenga wa maliro sumuponyera munthu ali pamsewu. Umangoti wodwala wadwalika, n'kufika naye pamene pali manja omugwira akagwa. Iwonso bambo awo atamwalira anawachita chimodzimodzi, ndipo mpaka lero amathokoza. Fiona anagonja poti mwini mwana anali atalamula.

"Amayi ako sakupeza bwino pang'ono," anatero a Mwandida kwa Edwina. "Adadi akuti tipite."

Edwina anapukusa mutu n'kunena kuti ndi matenda aja othamanga magazi, amayiwo mankhwala amamwa akafuna. Kenaka anapempha foni yake. A Mwandida ankadziwa kuti pa Watsapu ya Amalawi chithunzi cha malemu chinali chitayamba kale kuzungulira, makandulo m'munsi mwake.

"Ndaisiya kwa Fiona, idzabwera Loweruka."

Linali bodza lachiwiri, ndipo linatuluka mosavuta kuposa loyamba. Foniyo inali m'chikwama mwawo, yozimitsa.

Ulendo unatenga maola atatu. M'sitima Edwina pakamwa sanatseke. Ankayerekeza mayankhulidwe a mkulu wina wopanda mano amene dzulo lake anabweza supu ati ndi madzi otsukira mbale, ankaseka mpaka misozi, ndipo a Mwandida nawo ankaseka, zala zikuyenda pa korona m'thumba la jekete. Atadutsa York mtsikanayo anati, "Anti, tikafika mukandithandize kuwakalipira amami. Inu amakumverani." Moyo wawo wonse a Mwandida sanadzidepo ngati mmene anadzidera pamenepo, koma mawu a a Mapopa anawasunga.

Mumsewu wa kwawo kwa Edwina magalimoto anali atadzaza mpaka pakona. Chitseko chinali chotsegula ngakhale kunkagwa mvula, nsapato zitaunjikana pakhonde, ndipo m'nyumba amayi ankaimba motsitsa mawu. Edwina anaima pageti. Amayi atatu anatuluka manja ali patsogolo kuti amugwire, koma iye sanagwe. Anatembenukira kwa a Mwandida.

"Munadziwa nthawi yanji?"

"M'mawa, mwana wanga."

"Ndiye munandisiya ndiziseka njira yonse."

Edwina anatambasula dzanja. A Mwandida anapisa m'chikwama n'kumupatsa foni yake. Mtsikanayo anadutsa pakati pa amayi aja n'kulowa yekha.

Tsiku limenelo a Mwandida anayamikidwa kwambiri. "Mwagwira ntchito, anzathu, mwafika naye bwino," ankatero aliyense wolowa m'khitchini momwe iwo ankatsuka makapu. A Mapopa anachita kuwagwira dzanja ndi manja awiri. Palibe wamkulu ndi mmodzi yemwe amene anaona cholakwa, ndipo a Mwandida eni ake, mukawafunsa lero, sadziwa ngati akanachita mwina.

Papita zaka ziwiri. Edwina kutchalitchi amabwerabe, ndi mwana waulemu. Nthawi yopatsana moni wa mtendere ikakwana amagwira chanza aliyense amene ali pafupi. Akafika pa a Mwandida amangowaweramira pang'ono, manja ali m'thumba.