Ndinasuta Kalata ya Sukulu ya Mwana Wanga

Nkhani iyi sindinauzepo munthu. Mkazi wanga anamwalira osaidziwa, ndipo mwana wanga Felesita, amene ndinamulakwira, mpaka lero amaloza chala munthu wosalakwa. Ndaganiza zoilemba chifukwa masiku ano achinyamata ambiri a kuno ku Ntchisi ndi ku Dowa akupita ku Joni ndi maiko ena, ana ang'onoang'ono n'kuwasiya kwa abale ndi mawu apakamwa okha. Inu owerenga, ine ndinachitapo zimenezi, ndipo ndinazichita moipa.

Tinkakhala m'mapiri a kufupi ndi Kasakula. Chaka china chimanga chitakanika, kunabwera munthu wolemba matenanti okalima fodya ku esiteti ina ku Zambia, ine n'kulembetsa. Tinagwirizana kuti ndipite ndi mkazi wanga ndi khanda lathu Rabeka. Felesita anali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ali mu Sitandade 2, ndipo popeza ankati ku esitetiko kulibe sukulu, tinati akatsale kwa atsibweni ake, mlongo wa mkazi wanga, cha ku Dowa. Tinkati tikumuchitira zabwino.

Anali mwana wa mutu. Ankandiwerengera zolembedwa pa matumba a feteleza, ine bambo wake ndikungoona timizere. Nditapita kusukulu kwake kukatsanzika, a hedi anadandaula kuti akutaya mwana wanzeru. Anandilembera kalata ya transifa, n'kudinda chidindo, n'kunena kuti, "Iyi mukapereke inu nomwe m'manja mwa a hedi a kumeneko. Musatume munthu." Ndinalandira ndi manja awiri, n'kuika m'thumba la malaya.

Ulendo wa kwa alamu anga unali wapansi, tsiku lathunthu. Masiku amenewo ndinkasuta kwambiri fodya wa chingambwe, wopichira wekha. Titapuma pakamtsinje, Felesita ali kumwa madzi, ndinapeza kuti fodya ndili naye koma chopichirira ndilibe. Ndinatulutsa kalata ija n'kung'amba kakona kopanda zolemba. Ndinati palibe chaonongeka. Titakwera phiri lina ndinang'ambanso. Kachitatu ndinang'amba pakati pa chidindo penipeni. Apo ndinachita mantha kuti a hedi a ku Dowa akandiseka ndikapereka chipepala chodyekadyeka, ndiye ndinangoti bola ithe. Pofika kwa alamu, kalata yonse inali itapita ndi utsi.

Alamu atafunsa za kalata, bodza linatuluka lokha. Ndinati a hedi akana, akuti mpaka chaka chamawa. Iwo anangoti, "Basi, tiona." Ndikanatha kubwerera kukatenga ina, koma lole ya ku Zambia inali kunyamuka mkuja. Ndinadzitonthoza ndi mwambo wathu: mwana ndi wa kuchikazi, ine ndine mkamwini chabe, mwini mbumba adziwa chochita. Sindinapite n'komwe kukaona kumene sukuluyo inali. Ndinaona kuti akazi a alamu ali ndi mapasa oyamwa, koma sindinadzifunse kuti iwo akapita kumunda, mapasawo azitsala ndi yani.

Ku Zambia tinakhalako zaka zisanu. Uthenga umene unkabwera unali woti mwana ali bwino, wanenepa. Pobwerera tinamupeza ali namwali, atalera mapasa aja mpaka kuyenda, akulera wachitatu. Kusukulu sanapondeko ngakhale tsiku limodzi. Alamu anga sanali munthu woipa. Ankangoti akudikira kalata. Tinamubwezera ku Sitandade 2, koma tiana tinkamuseka kuti ndi amayi a kalasi. Anapirira zaka ziwiri n'kusiya, kenako anakwatiwa.

Ine fodya ndinasiya. Imvi zitamera ndinalowa sukulu ya kwacha, ya ife akuluakulu, pansi pa mtengo kutchalitchi. Anzanga ankasangalala akalemba dzina lawo, koma ine chilembo chilichonse chimene ndinkaphunzira chinkandikumbutsa kuti papepala lija panali dzina la mwana wanga.

Chaka chatha Felesita anandiuza kuti mwamuna wake, amene wakhala ku Joni zaka zitatu, wamupezera ntchito ya m'nyumba. Ana awo awiri, Takondwa wa zaka zisanu ndi ziwiri ndi Madalo wa zaka zitatu, sakanapita nawo chifukwa mapepala awo anali asanakonzeke. Anati akawasiya kwa mng'ono wake Rabeka, amene tsopano ali pabanja ku Malomo, amagulitsa tomato ndipo ali ndi khanda. Zonse anali atapangana pafoni. Rabeka anangoti, "Ingowabweretsani achemwali, ana ndi athu omwe."

Ndinafunsa kuti, "Nanga Rabeka akapita kumsika, khanda lake ndi Madalo azitsala ndi yani?"

"Aa, Bambo, zimenezo adziwa yekha."

"Sukulu ya Takondwa mwakaiona?"

"Kodi sukulu imathawa? Inutu chiyambireni ya kwacha ija mwasanduka insipekitala!" Anaseka mpaka kugwira m'mimba. Kenako anati, "Musade nkhawa, masiku ano kulibe a hedi ouma mtima ngati aja anandimana kalata ine."

Inu owerenga, mawu amenewa anandilowa ngati minga. A hedi aja anamwalira kalekale, munthu amene anandichenjeza bwinobwino. Pakamwa ndinatsegula kuti ndiulule, koma mphamvu inandithera. Chimene ndinakwanitsa kunena n'choti, "Amake Takondwa, basi simukwera mpaka ine ndi inu titayenda ndi mapazi athu."

Anang'ung'udza, koma anamvera. Tinakatenga kalata ya transifa, ine n'kuiwerenga ndekha mawu onse, n'kuikulunga m'jumbo ya shuga kuopa mvula. Tinakwera minibasi ndi ana onse awiri mpaka ku Malomo. Sitinachoke mu ofesi ya a hedi mpaka titaona dzina la Takondwa litalembedwa m'kaundula, ndipo Felesita anatenga nambala ya foni ya mphunzitsi wa kalasi yake, osati ya Rabeka yokha. Kuchoka apo tinayenda njira ya kusukulu mpaka kwa Rabeka, Takondwa ali patsogolo, kuti tione ngati miyendo yake ingathe. Tinapeza kuti njira yachidule imadutsa pakhwawa lomwe limadzaza nthawi ya dzinja, ndiye tinamuonetsa ya kumsewu ngakhale ndi yotalikirapo.

Za Madalo tinapeza sukulu ya mkombaphala patchalitchi china chapafupi. Ana amakhalako m'mawa wokha, ndipo makolo amasinthana kupereka ufa ndi nkhuni za phala. Tinalembetsa. Buku lake la kusikelo tinalipereka m'manja mwa Rabeka, n'kumuonetsa tsiku lobwerera kuchipatala.

Chovuta chinali madzulo ake, titakhala pakhonde ndi Rabeka ndi mwamuna wake. Ndinanena mosapsatira kuti Takondwa wabwera kudzaphunzira, si mlezi. Rabeka anakhumudwa. "Ndiye mukundiyesa mfiti, Bambo? Mwana wa achemwali anga ndingamuzunze ine?" Ndinamuuza kuti za nkhanza sindikunena, koma kuti munthu wa manja awiri, ana atatu ndi dengu la tomato, tsiku lina adzayang'ana uku ndi uku n'kuona kamtsikana kali chiimire. Mwamuna wake anavomera kuti n'zoona. Ndi iye amene anati kuseri kuli kanyumba kosungiramo matumba, bwanji agogo adzakhale konkuno. Munda wanga ndinasiyira mphwanga, ine n'kusamuka.

Felesita anapita mtima uli m'malo. Lamulungu lililonse amaimba foni ya vidiyo, Takondwa n'kumuonetsa makope ake, Madalo n'kumuimbira nyimbo za kumkombaphala mosokoneza mawu. Ine m'mawa ndimaperekeza Madalo panjinga, masana n'kukamutenga. Anyamata a kabaza pasiteji amandikuwa kuti ndawalanda kasitomala. Kunena zoona, chimwalirireni mkazi wanga sindinakhalepo ndi masiku okoma ngati ano.

Choncho inu amene mukukonza mapasipoti, ndikupempheni. Musanapite, kaoneni sukulu ndi maso anu, ndipo pepala lililonse la mwana mukapereke nokha. Funsani funso lochititsa manyazi lija, loti mwini nyumba akachoka ana azitsala ndi yani, ndipo musalandire yankho loti tiona. Mukasiya ana awiri, wamng'ono mupezereni womusamala wamkulu, apo ayi wamkulu uja ndiye adzasanduka mayi. Inu abambo anzanga, musabisale kuseri kwa mwambo kuti ana ndi a kuchikazi. Atsibweni ali ndi ana awo ndi minda yawo. Ndiponso musamangofunsa ngati mwana wanenepa, muzifunsa kuti lero kusukulu waphunzira chiyani. Abale ambiri amene amasiyitsa ana sukulu sachita mwadala, zimayamba ndi tsiku limodzi.

Kwathu tsiku limodzilo linafika patatha mwezi Felesita atapita. Mtsikana woyandikana naye nyumba amene ankagwirira Rabeka khanda pa tsiku la msika anapita kumaliro. Tikudya chakudya chamadzulo, Rabeka ananena mosayang'ana kwa ine kuti, "Takondwa, mawa lokha utsale undigwirire mwana, tomato wanga angaole. Lachisanu upita." Takondwa anandiyang'ana. Tomatoyo analidi atapsa ndipo ndi amene amatidyetsa tonse.

M'mawa mwake ndinadzuka Rabeka asanamange dengu. Ndinauza Takondwa kuti avale yunifomu, n'kupempha chitenje. Rabeka anaseka mpaka misozi pondionetsa kamangidwe kake, amayi a nyumba zoyandikana n'kutuluka kudzaonerera nkhalamba ikubereka mwana. Mfundo yoyamba inamasuka, yachiwiri inagwira. Ndinatenga botolo la phala, Madalo kudzanja, khanda kumsana, Takondwa patsogolo ndi makope ake, n'kuuyamba wa kusukulu kudzera njira ya kumsewu.