Bala lopanda mafinya

Amayi anga anatsuka mabala kwa zaka zoposa makumi awiri m'kachipinda ka kumapeto kwa khonde la chipatala, momwe munali bedi limodzi, beseni lachitsulo ndi windo losatsekuka. Odwala ankawatchula kuti Mayi Bandeji. Sukulu sanapite nayo patali, koma mphuno yawo inkaposa madokotala ena. Munthu asanamasule kansalu pamwendo, iwo ankakhala atadziwa kale zomwe zili mkatimo. Mdani wawo anali mafinya. Ankawafinya mopanda chisoni, wodwala akukuwa, iwo akumufunsa za ana ake.

Matama analinso nawo, ndisabise. Pankhani ya zilonda, pakhomo pathu panalibe wowatsutsa.

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka zitatu anachekedwa ndi lata pachidendene. Agogo akewo ankamutsuka okha m'mawa uliwonse.

"Taona kuyera kwake," ankandiuza. "Mafinya ngakhale kadontho. Lipola ili, usajijirike."

Silinapole. Linkangokula, mwana akutentha thupi. Sabata yachitatu ndinamubereka mozemba n'kupita naye kuchipatala chachikulu. Amayi anatitsatira atatupa ndi mkwiyo, chikwama chawo cha thonje chili m'khwapa, ngati kumeneko kulibe thonje.

Atamuyeza magazi kangapo, dokotala wina wamkazi anatikhazika pansi.

"Maselo oyera, asilikali a m'thupi aja, mwanayu ali nawo ambiri kuposa ine ndi inu," anatero. "Vuto n'lakuti sakufika pabala."

Anajambula papepala. Kunja kwa selo loyera lililonse kuli timashuga tinatake, osati shuga wa mu tiyi, tomwe timakola khoma la mtsempha pamalo potupa. Selo likakoledwa limachepetsa liwiro, limagubuduka pang'onopang'ono, limamata, kenaka limatuluka kukalimbana ndi tizilombo. Mwana wanga anabadwa ndi maselo opereweredwa timashugato. Maselowo ankangodutsa pabalapo ngati basi yopanda mabuleki.

"Nanga bwanji linalibe mafinya?" anafunsa amayi.

"Mafinya ndi asilikali amene afera pankhondo, mayi. Bala likamakula lopanda mafinya, ndiye kuti palibe amene wabwera."

Ndinapsa mtima, ndipo mawu oti "mwaonatu" anafika pamlomo. Ndinawameza nditaona amayi akukankhira chikwama chija pansi pa mpando.

Mwana anam'patsa mankhwala opha tizilombo komanso shuga wina wapadera woti azimwa. Thupi linazizira, bala linayamba kutseka. Amayi ankabwera tsiku lililonse, koma bandeji sanaikhudzenso. Ankangokhala pampando n'kumaonerera anamwino. Zinandimvetsa chisoni kuposa momwe ndinkaganizira.

Tsiku lotuluka, tikupinda zofunda, amayi anaimitsa dokotala uja pakhomo.

"Adokotala, kodi matendawa amayenda kumtundu?"

"Amatero, mayi."

"Ndiye munthu woti anamwalira kalekale, mungadziwe ngati anali nawo?"

"Zimenezo n'zovuta."

Dokotala atapita, amayi anakhala pabedi. Ndinkadziwa kuti ndisanabadwe panali mlongo wanga yemwe anamwalira akuphunzira kuyenda. Tinkauzidwa kuti anali malungo.

"Anali ndi chilonda pantchafu," anatero, maso ali pansi. "Choyera bwinobwino. Bambo ako anandichonderera kawiri kuti tibwere naye kuno. Ine ndinawaseka, ndinati asandiphunzitse ntchito."