Mapazi Anga Atasiya Kumva

Chizindikiro choyamba chinabwera m'chilimwe chomwe tinabwerera kwathu ku Ngauma kuchokera ku Malawi, komwe tinathawira nkhondo. Pamudzi tinapeza nyumba zitagwa, mitengo itamera pabwalo. Ine ndi mkazi wanga, mayi a Rosa, tinayamba kuumba njerwa, ndipo ntchito yanga inali yoponda dothi. Ndikaweruka, zala za kumapazi zinkachita dzanzi, kunsi kwa mapazi kukunyerenyetsa ngati mukuyenda nyerere. Ndinkati ndi kutopa. Ndinalinso ndi ludzu losatha, ndinkakodza pafupipafupi, thupi linkatha. Izi sizinandidabwitse, chifukwa pa ife obwerera panalibe wonenepa.

Mvula ili pafupi, dzanzi lija linafika mu akakolo. Poyenda ndinkamva ngati ndaponda pa thonje, koma ndikagona mapazi ankatentha ndi kubaya. Tsiku lina tikuotcha njerwa, mayi a Rosa anandikoka mkono. "Bambo, kodi simukumva? Taonani phazi lanu!" Ndinali nditaponda khala lamoto. Khungu linapsa, ine osamva kanthu.

Balalo silinapole. Linatupa, kenako linayamba kununkha. M'mudzi anthu anayamba kunong'ona kuti ndinaponda mankhwala, ndipo ankaloza msuweni wanga Ernesto. Iye sanathawe nkhondo, ndipo ankalima munda wa malemu bambo anga zaka zonse zomwe tinali kunja. Anthu ankati sakufuna kuubweza. Ena anasiya kumupatsa moni kutchalitchi. Achibale ankabwera ndi zitsamba zothira pabala, koma chala chachikulu chinayamba kuda.

Ernesto yemweyo ndiye anafika ndi njinga m'mawa wina. Anamanga chitenje pa kaliyala, anandikweza, n'kumakankha pokwera, kupalasa potsetsereka, mpaka ku Mandimba. Sitinkapatuka m'njira yopondedwa, poti m'mbali anthu ankaopabe mabomba okwirira. Chipatala tinachipeza chikukonzedwa, zipinda zina zilibe zitseko. Namwino anatsuka bala, analimanga, nati, "Izi n'za chipatala chachikulu cha ku Cuamba. Musabwerere kumudzi." Tinakwera lole yonyamula fodya.

Ku Cuamba tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ananditenga magazi ndi mkodzo. Dotolo anandiuza kuti nditsinzine, n'kumandikhudza mapazi ndi thonje, kenako ndi kansonga ka singano. Kuyambira kuzala mpaka mu akakolo sindinamve chilichonse. Iye ankalankhula Chipwitikizi, namwino akumasulira m'Chinyanja chosakaniza ndi Chimakhuwa. Anati, "Muli ndi matenda a shuga, ndipo mwakhala nawo nthawi yaitali. Shuga akachuluka m'magazi amawononga mitsempha yomwe imachititsa kuti munthu azimva, ndipo amayambira kumapazi. Palibe munthu wakuchitani zimenezi." Ndinapempha namwino kuti aitane Ernesto pakhonde, abwereze mawuwo iye akumva. Ernesto anamvetsera, anavula chipewa, n'kupukuta kumaso. Ine anandigoneka m'chipatala. Ernesto pobwerera kumudzi anatenga mawuwo, ndipo mayi a Rosa atabwera kudzandidwazika anandiuza kuti manong'onong'o aja atha.

M'chipatala masiku ankafanana. M'mawa ankatibaya chala kuti aone shuga, kenako jakisoni, kenako kutsuka mabala. Madzulo tinkangodikira. Chala chakuda chija anachidula, ndipo kwa kanthawi sankadziwa ngati phazi lipulumuka. Mantha anga anali akuti ndibwerera wopanda mwendo, nyumba isanafoleredwe. Koma mafinya anachepa, mnofu wofiira unayamba kuoneka m'mbali mwa bala. M'mawa wina dotolo anayang'ana nthawi yaitali nati, "Phazi ili mupita nalo kwanu."

Anandiuzanso zoona zake: mitsempha yomwe inafa sidzadzukanso, koma yotsalayo ingatetezedwe ngati shuga akhala wotsika. Anandipatsa mapiritsi a shuga ndi ena ochepetsa kutentha kwa mapazi. Ndinatuluka chimanga chikucha. Nyumba ndinaipeza yofolera, akutchalitchi atathandiza.

Papita zaka zambiri tsopano. Dzanzi lilipobe mpaka mu akakolo, koma silinakwerenso. Kutentha kuja kumabwera mwa apo ndi apo. Ndimamwa mankhwala osadumphitsa, ndipo ndimapita ku Mandimba kukayezetsa pa tsiku lomwe andiuza. Tiyi ndimamwa wopanda shuga, nzimbe ndinasiya, ndiwo zamasamba ndi nyemba ndizo zimachuluka m'mbale yanga. Sindiyenda wopanda nsapato ngakhale pabwalo, ndipo ndisanavale ndimazikutumula, kuopa kamwala kapena munga. Madzi osamba ndimayamba ndawayesa ndi chigongono. Tsiku lililonse mayi a Rosa amandiyang'ana pakati pa zala. Dothi sindipondanso, koma kulima ndimalima.

Kwa inu amene mapazi akuchita dzanzi, kutentha kapena kubaya, makamaka ngati muli ndi ludzu losatha kapena bala losapola, pitani kuchipatala msanga mukayezetse shuga. Musadikire ululu, chifukwa matendawa amayamba ndi kuchotsa ululu womwe ukanakuchenjezani. Chaka chatha mayi wina wogulitsa tomato pamsika anandidandaulira kuti mapazi akumunyerenyetsa. Ndinavula nsapato pomwepo n'kumuonetsa phazi langa. Anapita sabata yomweyo, ndipo anamupeza ndi shuga. Akumwa mankhwala, akugulitsabe tomato wake, ndipo zala zake zonse zilipo.