Nsapato za Ba Peggy

Ba Peggy Mulubwa a ku Chilenje anali atagwira ntchito m'nyumba za anthu zaka makumi awiri, ndipo ankakonda kudzitama kuti mwana wovuta sanamuonepo, ovuta ndi makolo. Kudzitamako kunazilala atalowa ntchito ku Woodlands, dera la anthu achuma, kwa a Dunstan ndi akazi awo a Helen, anthu otuluka m'mamawa ndi kubwera dzuwa litalowa.

Mwana wa m'nyumbamo, Tanya, wa zaka zisanu ndi chimodzi, anali moto weniweni. Mlendo aliyense, ngakhale wowerenga mita ya madzi, ankamukumbatira ngati amalume ake. Koma Ba Peggy akangomugwira phewa, kunali kukuwa, kuluma ndi kuswa makapu. Ndiye panalinso nkhani ya nsapato. Loweruka lililonse masana, Ba Peggy, amene m'kati mwa sabata ankagona komweko, akati aweruke, nsapato zawo zinkasowa. Anazipezapo m'furiji, mu uvuni, mpaka m'kanyumba ka galu.

A Helen anafufuza pa foni napeza dzina loti baipola, matenda osinthasintha mtima wa munthu. Anatsimikiza zinthu ziwiri: mwana amwe mankhwala, ndipo Ba Peggy, poti sagwirizana naye, achoke mwezi ukatha.

Makolowo atapita ndi Tanya kwa dokotala wa maganizo a ana, a Kangwa, Ba Peggy anangopita nawo ngati onyamula chikwama.

"Amankala masiku osagona, kukamba osaleka popanda chifukwa?" anafunsa dokotala.

"Awe, amagona bwino," anatero a Dunstan.

"Nanga ukali umabwela liti?"

"Ntawi iliyonse," anayankha a Helen.

Ba Peggy pakamwa pawo sipakhala chete nthawi yaitali. "Pa Chibelu, ba dokota," anatero, kutanthauza Loweruka. "Akangoona nayamba kulonga chola kuti nipite kunyumba."

Dokotala anawayang'ana bwino. "Bamulela bantu bangati uyu mwana?"

A Helen anayamba kuwerenga ndi zala, mawu akucheperachepera. Antchito asanu ndi awiri, onse ochotsedwa mwanayo ali kusukulu, osatsanzika. Ba Peggy anali achisanu ndi chitatu.

Atamuona Tanya maulendo atatu, dokotala ananena poyera kuti si baipola. Baipola, iye anati, imabwera yokha, kukhala masiku ambiri, ndipo pa msinkhu umenewu siichitika kawirikawiri. Uyu ndi mwana amene anaphunzira kuti aliyense womulera amasowa, ndiye amaopa kudalira munthu. Mapiritsi sangachize zimenezo. Chofunika ndi anthu omwewo tsiku ndi tsiku, makolo kupeza nthawi yokhala naye, banja lonse kubwera kudzalandira uphungu, ndipo wochoka azinena tsiku lobwera, n'kubweradi. A Helen analira, za kutha kwa mwezi sanazitchulenso.

Ba Peggy anawonjezapo nzeru yawo. Loweruka ankavula nsapato okha n'kumupatsa Tanya. "Nisungile, nizazitenga pa Mande." Iwo n'kumapita kokwerera minibasi atavala mapatapata, anzawo a ku Chilenje akuwaseka kuti ku Woodlands kwawasaukitsa.

Makapu sanasiye kusweka msanga. Panapita miyezi isanu ndi iwiri, Tanya akugona ndi nsapato za munthu wamkulu pansi pa pilo. Loweruka lina Ba Peggy anawerama kuti avule monga mwa masiku onse, koma mwanayo anawagwira dzanja.

"Valani chabe, Ba Peggy. Niziba muzabwela."

Ba Peggy, mayi amene sanalirepo chifukwa cha mwana wa eni, analira njira yonse mpaka ku Chilenje, nsapato zili kuphazi.