Mwendo wa Bambo ndi Masitepe a Kampani

Ndinakulira pa doko la mtsinje wa Shire, kumunsi kwa Liwonde, pomwe tsidya lino ndi Machinga ndipo ukawoloka wafika ku Balaka. Bambo anga anali owolotsa anthu pa bwato. Amayi a mpunga, anyamata ndi njinga zawo, odwala, akwati, ngakhale maliro, onsewo ankadalira nkhafi ya bambo.

Tsidya la Balaka kunalibe vuto, gombe lake ndi louma. Koma tsidya lathu linali ndi malo awiri okocheza. Kumtunda kunali masitepe a miyala ndi simenti, otakata bwino, otsika mpaka m'madzi akuya, ndi zitsulo zomangirira zingwe. Kumunsi pang'ono kunali matope akuda pakati pa bango. Mwina mukuganiza kuti anthu anzeru zawo ankakocheza pa masitepe. Ayi ndithu. Tonse tinkatsikira m'matope, nsalu titakwinyira m'maondo, dengu lili pamutu, tikuyang'ana uku ndi uku kuopa ng'ona. Bwato likagwira matope, bambo ankalumphira m'madzi n'kulikoka, n'kunyamula njinga ndi nkhalamba kukazitula pouma. Ankachita zimenezi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa.

Mbiri ya masitepewo bambo ankaikamba apa ndi apo akupalasa, ngati munthu amene akudandaula za mvula. Dokolo ndi lakale kuposa azungu. Makolo athu achiyao ankawolokera pomwepo ndi mchere, nsalu ndi minyanga. Kenako kunabwera kampani ya azungu ndi sitima zake zapamadzi, ndipo inafuna pokwezera thonje ndi potsitsira katundu wa m'masitolo. Agogo awo a bambo anasenza nawo miyalayo pamutu, mwathangata, ndipo ntchito itatha anauzidwa kuti phazi lawo lisadzapondepo. Panaikidwa mlonda wa chikoti. Mabelo a thonje ankadutsa pouma, eni dziko m'matope.

Njanji itabwera sitima zapamadzi zija zinasiya kuyenda, kampani inamanga katundu n'kupita. Patapita zaka dziko linalandira ufulu, ku boma mbendera inasintha, koma pa doko lathu chinangosintha ndi dzina: masitepe a kampani anasanduka masitepe a boma. Tinkawapaka njereza kukamabwera wamkulu wina kudzayendera, akachoka n'kuwasiyira mbuzi ndi abuluzi. Mlonda uja anafa kalekale, chikoti chake chiswe chinadya, koma ife tinkamuopabe. Mwana akakwerapo ankakalipiridwa kuti aitanira mudzi milandu, ndipo ine ndinakalipiridwapo kambirimbiri.

Nditakula ndinakwatiwa ku Balaka n'kuyamba kugulitsa mpunga ndi tomato mumsika. Amayi anali atatisiya, bambo anatsala okha ndi bwato lawo. Chaka china nditapita kukawaona ndinawapeza akutsimphina. Chitsa cha bango chinawabaya pamwamba pa kakolo wa kumanzere, ndipo bala lija linasanduka chilonda chokana kupola. Iwo anangochimanga ndi kansanza n'kumalowa nacho m'matope tsiku ndi tsiku. Ndinawakokera ku chipatala akukana njira yonse. Anamwino anachitsuka, anatipatsa mankhwala, ndipo sanapite m'mbali: mwendowo ukapitiriza kulowa m'matope, ulendo wina tidzakambirana zoudula.

Ndinachita mantha kwambiri. Kuwauza bambo kuti asiye bwato kunali ngati kuwakumbira manda ali moyo, ndipo kuwasiya chomwecho kunali kutaya mwendo. Komatu njira inali poyera. Pa masitepe madzi ndi akuya, bwato limafika mpaka pamwala, munthu amangoponya chingwe n'kutsika osanyowa ndi chala chomwe.

"Ababa, masitepe aja si ali apo? Bwanji osamakocheza pamenepo?"

"Wakupatsa ndani? Za boma sagwiragwira, mwanangu."

Mtima wapachala ndinatengera kwa amayi. Ndinawayankha kuti boma lomwe akuliopalo silidzawabwereka mwendo, iwo n'kungotembenukira kumbali.

Ndinapempha akuluakulu awiri a kumzikiti kuti tipitire limodzi ku maofesi tikapemphe chilolezo. Ofesi yoyamba inatitumiza ku ina, inayo inatitumizanso kwina. Palibe anatikaniza, palibenso anativomera. Pomaliza tinapeza bambo wina waulemu amene anatiuza moona mtima kuti masitepewo sakuwadziwa, ndipo anatifunsa kuti tikagwirizana tokha angatiletse ndani. Ine ndinatuluka ndikumwetulira. Akuluakulu aja anatuluka nkhope zili zolimba, akuti mawu opanda chidindo ndi mphepo.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinasiyira mlamu wanga benchi la kumsika n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo kwa amayi anzanga, amene nsalu zawo zinkathera m'matope amenewo. Lachisanu lina, anthu atatuluka ku mapemphero a swala, tinakumana pansi pa mtondo wa pa doko. A tsidya la Balaka nawonso anabwera, Asilamu ndi Akhristu omwe. Tinakangana mpaka mithunzi inatalika. Ena ankati tidzamangidwa, ena ankati masitepewo ali ndi mizimu ya anthu amene anafera pa thangata. Mayi wina wowamba nsomba, mnzawo wa malemu amayi anga, wamfupi koma wa mawu omveka tsidya, anayankha kuti ngati mizimuyo ilipo ndi ya abale athu, ndipo yatopa kukhala ndi mbuzi. Anthu anaseka, mantha n'kuchepa.

Tsiku lomwelo tinasankha komiti ya opalasa, amayi a nsomba ndi anyamata a kabaza, ndipo wapampando anakhala mayi yemweyo. Tinagwirizana kuti doko ndi lathu, masitepe ndi a aliyense, wofika poyamba ndiye akocheza poyamba, koma wodwala ndi wapakati azitsogola. Pokweza manja ndinasuzumira kwa bambo. Dzanja lawo linali m'mwamba.

M'mawa mwake tinachotsa namasupuni amene anadzadza pamenepo, tinakwecha ndere pa miyala, ndipo opalasa achinyamata anasamukira pomwepo osayang'ana m'mbuyo. Ndinaima pamwamba pa masitepe kudikira bwato la bambo. Ndinaliona likubwera, likuyandikira, kenako likukhotera kumunsi, ku matope awo a masiku onse. Madzulo ake bandeji inali bii. Nditawafunsa anandiyankha mofatsa kuti ufulu umene tinkaunenawo ndi womwewo: wofuna masitepe apite ku masitepe, iwo asankha matope. Anandigwira ndi mawu anga omwe. Ndinapita kuseri kwa nyumba n'kukalira, chifukwa chilonda chinali chitayamba kununkha.

Mwana salamula bambo ake, choncho ndinakadandaula kwa amayi apampando. Anandimvetsera akutembenuza nsomba pa waya, ndipo anati vuto la bambo alidziwa: munthu amene wakhala moyo wake wonse akumvera zoletsa sadziwa chochita ndi chilolezo. Komiti inakumana n'kuwonjezera lamulo loti wopalasa aliyense asatsitsire munthu m'matope, ndipo analilengeza pa doko anthu onse akumva. Woyamba kuliphwanya anali bambo anga, ndipo anaitanidwa.

Anafika pansi pa mtondo atavala mkanjo wawo woyera wa Lachisanu ndi kofia, ngati akupita ku khoti lalikulu. Anawapatsa mpando, anakana. Anayang'ana komiti yonse mmodzimmodzi, anyamata amene anawaphunzitsa okha kugwira nkhafi, n'kumalizira pa amayi apampando.

"Ndiye ondiweruza ndinu? Enanu si ndinkakuwolotsani muli kumsana kwa amayi anu?"

"Ndife, ambuje," anayankha amayi apampando. "Boma la pa doko pano ndi ifeyo, ndipo potisankha dzanja lanu linali m'mwamba."

Bambo anafunsa ngati lamulolo ndi lamulo lenileni, logwira aliyense, kapena angopangira iwo. Anauzidwa kuti ngakhale mwana wa apampando akaliphwanya adzaima pomwe aimapo. Chilango chinali chakuti bwato lawo limangidwe pa chitsulo cha masitepe mpaka mawa, ndipo alipititse okha. Ine mtima unali m'mwamba, poti ndinkawadziwa: akanatha kunena kuti bwatolo tengani, n'kukakhala kunyumba kudikira imfa. Anasisita ndevu zawo.

"Iyayi, lamulo sakangana nalo," anatero, n'kukwinya mkanjo kulunjika kumadzi.

Apa ndiye panaoneka zoseketsa. Munthu amene ankaudziwa mtsinjewo ngati khonde la nyumba yake anali asanakochezepo pa masitepe chibadwire, ndipo sankadziwa kuti madzi a pamenepo amathamanga. Bwato linafika bwinobwino, madzi n'kulikankha, bambo n'kudutsa chingwe chili m'manja. Azimayi a pa doko anaseka mpaka kugwirana mapewa. Mnyamata wina anakuwa kuti ambuje abwere iye adzawaphunzitse kupalasa, bambo n'kumuloza ndi nkhafi, koma ndinaona kuti nawonso akuseka. Anazungulira, anakwera kumtunda, n'kulisiya bwato kuti litsike lokha ndi madzi mpaka linagunda mwala pang'onopang'ono. Chingwe ndinachiwakha ine. Anatsika, mwendo wabwino poyamba, wodwala pambuyo, ndipo bandeji inali yoyera ngati mkanjo wawo. Nthungululu zinamveka mpaka tsidya.

Sindinganame kuti kuyambira pamenepo doko lathu linasanduka paradaiso. Komiti yasinthidwa kangapo, anthu amakanganabe kuti wafika poyamba ndani, ndipo msonkhano woti uthe msanga umatha anthu atamva njala. Koma mikanganoyo ndi yathu, ndipo timaithetsa tokha pansi pa mtondo womwewo. Masiku ano pali kamthunzi ka malata kodikirira odwala, komwe tinamanga tokha, ndipo ana a sukulu amakhala pa masitepe miyendo ili lendelende popanda wowakalipira. Bambo, amene ankakana aja, ndiwo anakhala wapolisi wa lamulolo kuposa komiti imene. Wopalasa wachilendo akalunjika ku matope ankamva mawu awo asanafike n'komwe.

Chilonda chinatenga nthawi, koma chinayamba kuuma m'mbali, kenako chinatseka. Tsiku limene anamwino anachotsa bandeji yomaliza n'kunena kuti tisabwerenso, bambo anangoti Alhamdulillah, ine n'kukhala pa benchi la chipatala ndi chimwemwe chodzaza tsaya.

Nditakonzeka kubwerera ku msika wanga ku Balaka, anandiperekeza ku doko kuti andiwolotse okha. Tili pa masitepe anaima, akuyang'ana pansi ngati ataya kanthu. Kenako anandiuza, mawu ali pansipansi kuti anyamata asamve, kuti ndikamadzabweranso ndiwagulire nsapato. Osati patapata wa kumzikiti, koma zotseka, za zingwe, zoti azivala pa ntchito. Nambala sankaidziwa, poti pa bwato anali asanavalepo nsapato.

Ndinathyola kabango, ndinagwada n'kuyeza phazi la kumanja. Ndikuti ndidzuke, anandigwira paphewa n'kusendeza la kumanzere lija.

"Yezanso ili, mama. Onse awiri alipo."